Mwana Uyu Ngwa Yani?

Chizindikiro choyamba chinatuluka pakamwa pa mwana wanga yemwe. Ndinkamusambitsa Tadala kuseri kwa tchalitchi, pampopi pamene ndinkatsukira zokolopera, sopo nkumulowa m'maso, ndiye anati, "Anti, mukundipweteka."

Ndinaseka. Ndinkaganiza kuti ndi zamasanje. Ndinati, "Anti wako ndani pano?"

Iye sanaseke. Anayamba wayang'ana kuchitseko cha vesitile, kachipinda kovalira ansembe kaja, kenako ananong'ona kuti, "Mayi Matewere anati ndiziyeserera. Akuti ndikalakwitsa pamaso pa azungu sindilandira nsapato."

Tadala anali ndi zaka zisanu. Mlongo wake Yamikani anali asanakwanitse zitatu, ankasewera ndi chitsekerero cha botolo pafupi pomwepo. Ndinamaliza kumusambitsa mwanayo, osadziwa chimene ndikuopa.

Ya patchalitchipo inali ntchito yanga yoyamba yolandira pakutha pa mwezi. Ndisanaipeze ndinkathandiza azakhali anga kugulitsa tomato mumsika wa Limbe. Bambo a anawa anapita ku Joni, miyezi yoyambirira ankaimba, kenako nambala inangosiya kugwira. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Ife ndi a ku Bangwe, agogo athu anachokera ku Mozambiki kalekale, ndiye mudzi woti munthu athawireko ndi ana kukalima tilibe. Mudzi wathu ndi nyumba za lendi basi.

Mayi Matewere anali kasitomala wa azakhali. Mayi wathupi, wonunkhira, wa galimoto yoyera, wolankhula mofatsa ngati namwino wabwino. Tsiku lina akusankha tomato anafunsa kuti, "Mtsikana uyu amadziwa kuchapa?" Azakhali anati ndimachapa mpaka nsalu kupepesa. Mayiwo anaseka, kenako anawerama kuyang'ana ana anga pansi pa benchi. Anawayang'ana nthawi yaitali. "Ndi ake awa? Okongola bwanji." Ine ndinamva kukoma mumtima. Anati kutchalitchi kwawo akufuna munthu wosesa ndi kuchapa nsalu za paguwa, ndipo kuseri kuli kachipinda kogonamo, kopanda lendi. Azakhali anandiponda phazi kuti ndivomere msanga.

Tchalitchicho sindichitchula dzina, chifukwa ambiri opemphera mmenemo sanandilakwire kanthu. Ndi chakale, cha njerwa zofiira, cha mpingo umene unabwera ndi Angerezi, mbali ya ku Kanjedza. Ansembe ankangobwera Lamlungu chifukwa anali ndi matchalitchi enanso. Masiku ena onse wamkulu anali Mayi Matewere, wapampando wa komiti.

Anthu amaganiza kuti ntchito ya m'tchalitchi ndi kusesa kokha. Kusesa kulipo, kukolopa, kupaka polishi wofiira pasimenti nkumapukuta ndi chiguduli utagwada mpaka mawondo kuda. Kuli kupukuta mkuwa, zoikapo makandulo, mtanda, ndi timapuleti ta pakhoma tolembedwa mayina a azungu amene anafa kale. Umapaka bulaso, umadikira ayere ngati phulusa, ndiye umapukuta ndi nsanza youma. Koma ntchito yeniyeni ndi nsalu.

Anandiphunzitsa ndi a Jailosi, bambo wachikulire woliza belu ndi kuyatsa makala a lubani. Kale anali khukhi wa azungu ku Mandala, ndiye Chingerezi ankachimva. Mkamwa anatsala ndi mano awiri, ndipo ankawatchula ngati ana ake. Iwo ndi amene anandionetsa tinsalu topukutira chikho cha Mgonero. Timeneto suthira m'beseni la sopo nthawi yomweyo ayi. Umayamba watitsukuluza m'madzi oyera, m'kabeseni kake kosagwiritsa ntchito ina iliyonse, ndipo madziwo sutaya m'ngalande.

"Muli Magazi a Ambuye mmenemo," anatero a Jailosi. "Madzi awa amabwerera m'nthaka. Pakapinga, patsinde pa mtengo, koma osati kumene kumapita madzi a mbale."

Ukatero ndiye umachapa ndi sopo, osathira jiki chifukwa amadya ulusi, kabulu kowalitsa zoyera pang'ono, sitachi, nkusita zikadali zachinyezi. Upinde mwakuti kamtanda kosokedwa kakhale pamwamba. Phula la kandulo likadonthera pansalu ya paguwa sukanda ndi chikhadabo. Umaika pepala la khaki pamwamba nkudutsitsa simbi, phulalo limakwera lokha m'pepala. Magetsi akazima umagwira simbi yamakala, koma uyambe wapemerera phulusa panja, chifukwa kadontho kamodzi pamkanjo woyera Mayi Matewere ankakaona ali pageti. Ndinaikonda ntchito imeneyi. Ndinali ndisanagwirepo chinthu choyera chonchija.

Munalinso nsalu yaikulu yonyamula pandodo, yojambulidwa munthu pahatchi yoyera akubaya chinjoka cha mapiko. A Jailosi anati ameneyo ndi Joji Woyera, nkhoswe ya tchalitchi chathu. Panalinso mbendera yake, yoyera ya mtanda wofiira, yochapa payokha m'madzi ozizira chifukwa kufiirako kumasuluka.

"Joji uyu si wathu tokha," anatero. "Ndi nkhoswe ya dziko lonse la Angerezi. A Sikotilandi aja a ku mishoni ali ndi wawo, Andireya. Aliyense ndi nkhoswe yake, ngati ukwati."

"Ndiye anali Mngerezi?"

"Akuti ku Mangalande sanapondeko nkomwe. Koma nkhoswe yabwino ndi ya kutali, yosadziwa zochita zako."

Tsiku la Joji limabwera kumapeto kwa Epulo, mvula itatha. Pa tchalitchi chimenecho pali mwambo wawo. Mapemphero akatha anthu onse amatuluka pakapinga, achinyamata amalowa m'chinjoka cha matumba ndi makatoni, miyendo yawo ikuonekera pansi, chinjokacho nkugwira mwana mmodzi wa mumpingo. Joji amabwera, amachibaya, amanyamula mwana uja m'mwamba nkufunsa mokweza kuti, "Mwana uyu ngwa yani?" Pamenepo mayi ake enieni amatuluka m'gulu, azimayi anzake akumukankha, amayankha kuti "Ngwanga," nthungululu, ng'oma, ndipo amavina ndi mwana wake kuzungulira chinjoka chakufacho. Chaka changa choyamba ndinaonera ndili pachitseko cha vesitile. Mayi amene anatuluka anali wa ku banki, wa nsapato zazitali, anazivula nkuvina ngati wa kumudzi. Ndinaseka mpaka misozi. Mumtima ndinati mwina tsiku lina adzasankha wanga.

Za "anti" zija zinachitika chaka chachiwiri, tsiku la Joji likuyandikira. Madzulo ake ndinawapeza Mayi Matewere m'vesitile akuyang'ana mikanjo ya kwaya. Ndinagwada.

"Mayi, Tadala akunena zina zake."

"Eya, ndimati ndikuuze. Khala bwino, Esinati."

Anandifotokozera mofatsa. Kukubwera alendo ochokera ku Mangalande, a tchalitchi cha kumeneko chimene nkhoswe yake ndi Joji yemweyo. Ndi amene amathandiza nyumba ya ana amasiye imene Mayi Matewere anatsegula kunja kwa tauni, njira ya ku Thyolo. Koma ana kumeneko achepa. Ena anatengedwa ndi abale awo, ena akula. Alendo amafuna kuona ana aang'ono.

"Ako awiriwa akangokhalako masiku a alendo okha."

"Koma ine ndili moyo, mayi."

"Ndani wanena kuti wafa? Bambo awo ali kuti? Mwana wopanda bambo si wamasiye?" Anandigwira paphewa. "Kumeneko akadya mazira, akagona pamatilesi, akaphunzira Chingerezi. Iwe uwapatsa chiyani, madzi a nsalu? Usamadzikonde, mwana wanga."

Ndinangoyang'ana pansi pamene ndinapaka polishi m'mawa.

"Chaka chino sewero tilisintha pang'ono," anapitiriza. "Chinjoka chigwira Tadala. Joji akafunsa, sipadzatuluka munthu. Afunse katatu, kuti alendo amve mumtima. Kenako ndidzatuluka ine, ndidzati ndi wa mpingo." Anapinda mkanjo umodzi, nkuwonjeza osandiyang'ana kuti, "Kachipinda ukugonako ndi ka komiti. Ukudziwa eti?"

Ndinati, "Chabwino, mayi."

Mawu amenewo ndi amene amandilasa mpaka lero. Sanandimenye, sanandikalipire. Ndinavomera ndekha, nditagwada, mwaulemu wonse. Ndinadziuza kuti ndi masiku ochepa, kuti mazira ndi abwino kwa mwana, kuti azakhali ali ndi chipinda chimodzi chokha ndipo mvula ikagwa madzi amalowa pansi pa chitseko.

Telala anabwera kudzawayeza anawo. Nsapato zinabwera, zakuda, za lamba. Mayi Matewere anawajambula pafoni ataimirira pakhoma la tchalitchi, anati asamwetulire. Tsiku lina Tadala anathamangira m'vesitile akuti, "Amama, taonani," atagwira chiwala. Mayi Matewere anali pomwepo. Anangondiyang'ana. Ndiye ine, ndi pakamwa panga pano, ndinati, "Nena anti." Mwanayo anataya chiwala chake nkutuluka.

Yamikani sankavuta chifukwa mawu ake anali ochepa. Koma Tadala anaphunzira msanga, mwana wanzeru. Anayamba kunditchula anti ngakhale tili tokha m'kachipinda, kuopa kuiwala.

Ndinayamba kuyang'anitsitsa chilichonse. Galimoto yoyera ikalowa pageti ndinkasiya simbi nkukaona kumene kuli ana. Ndinaona kuti azimayi a chigwirizano, amene kale ankandicheza, tsopano ankandipatsa moni akuyang'ana kwina. Ndinaonanso kuti a Jailosi asiya nthabwala. Tsiku lina tikupukuta mkuwa ndinawafunsa kuti akudwala kapena.

Anapukuta choikapo kandulo chimodzi nthawi yaitali, choyera kale.

"Amene ankachapa iwe usanabwere anali ndi kamnyamata," anatero. "Nakonso kanapita masiku a alendo okha."

"Ndiye?"

"Azungu akamukonda mwana amafuna azimuona pachithunzi chaka ndi chaka, akukula. Mwana wa pachithunzi angabwerere bwanji kwa amake? Kwa azunguwo amake anafa. Mayi uja ankapita kukaima pageti kumeneko, mlonda nkumamuuza kuti kuno kulibe mwana wa munthu wamoyo. Atayamba kuchita phokoso ntchito inatha."

"Ali kuti pano?"

"Sindidziwa. Ndipo ine sindinakuuze kanthu. Ndatsala ndi mano awiri, ndikufuna ndidyere pompano."

Mungaganize kuti ndinanyamula ana tsiku lomwelo. Sindinatero. Ndinapitiriza kusita. Mantha anga anali awiri ndipo ankakokana, ena a kutaya ana, ena a kugona nawo pakhonde la sitolo ku Limbe. Ndinkati mawa, mawa ndiganiza. Kwa ansembe sindikanapita. Iwo ankangondidziwa ngati mayi wochapa, ndipo mawu anga ndi a Mayi Matewere akanalemera ati?

Alendo anafika. Loweruka, tsiku la Joji lili mawa, mmodzi wa iwo analowa m'vesitile ine ndikusita mbendera. Anali gogo wa tsitsi loyera, woonda, khungu litapsa ndi dzuwa pakhosi. Anagwira nsonga ya mbendera ija ngati akugwira mwana wodwala, nkuyamba kulankhula. A Jailosi ankamasulira.

"Akuti kwawo tsiku la Joji limadutsa anthu ali kuntchito, ambiri osadziwa nkomwe. Akuti mbendera iyi imaoneka kwambiri kumpira kusiyana ndi kutchalitchi."

Ine ndinadabwa. Ndinkaganiza kuti kwa eni ake a Joji ndiye kumakhala chinamtindi cha anthu.

"Akuti m'tchalitchi mwawo Lamlungu mumakhala nkhalamba zochepa, mabenchi ambiri opanda munthu. China chapafupi anachisandutsa nyumba zogona anthu. Akuti papita zaka asanamve mwana akulira m'tchalitchi. Akuti ndi chimene amabwerera kuno."

Gogoyo maso anali atanyowa. Sanali munthu woipa, ndikunena zoona. Anatulutsa foni nkundionetsa chithunzi. Anali Tadala wanga, pakhoma paja, osamwetulira. Gogoyo anaika foniyo pachifuwa pake nkunena mawu ena.

A Jailosi anamasulira akuyang'ana pansi. "Akuti uyu ndi mtsikana wawo amene akumuthandiza. Akuti zikomo posamala ana a malemu achemwali anu."

Ndinagwira simbi mwamphamvu. Ndinati, "Yesi, madamu."

Lamlungu m'mawa Mayi Matewere anati ndilongedze zovala za ana, adzanyamuka nawo chakudya chikatha. Ndinalongedza m'chikwama cha pulasitiki, ndinachinyamula ndekha kukachiika m'buti ya galimoto yoyera. Ndinamuveka Tadala diresi loyera ndi nsapato zija. Ndinamupaka mafuta kumaso. Anandifunsa kuti, "Anti, inu mubwera liti?" Ndinati posachedwa.

Tchalitchi chinadzaza mpaka pamawindo. Nsalu ya Joji inayenda patsogolo, mbendera yanga yosita bwino pambuyo pake, utsi wa lubani, kwaya. Ine ndinali m'vesitile, ndikumva zonse kudzera pachitseko, osapemphera, osaganiza. Mapemphero atatha a Jailosi anandibweretsera tinsalu ta chikho. Timeneto sitidikira, vinyo akauma sachoka. Ndinavula masilipasi monga mwa nthawi zonse, ndinathira madzi m'kabeseni, ndinatsukuluza, madzi anafiirira pang'ono. Ndinatuluka nako kabeseniko kuti ndikataye patsinde pa mtengo, ndipo sewero linali litayamba.

Alendo anakhala pamipando kutsogolo. Yamikani anali pamiyendo pa gogo uja, akuyamwa switi. Chinjoka chinatuluka kuseri kwa maluwa, kukamwa kofiira, ana akukuwa ndi kuseka, chinamugwira Tadala nkumulowetsa pansi pa matumba. Joji anali bambo wina wa ku ofesi ya inshuwalansi, atavala chipewa cha njinga yamoto chopaka utoto wa siliva, hatchi yake ya nsungwi ndi shiti la pabedi. Anazungulirazungulira, hatchi ikumukola miyendo, anthu akuseka, kenako anabaya. Chinjoka chinagwa chagada. Anamutulutsa Tadala nkumukweza m'mwamba.

"Mwana uyu ngwa yani?"

Panali zii. Azimayi amene chaka chatha ankakankhana, onse anali kuyang'ana zitenje zawo. Ambiri a iwo ankadziwa. Anandionapo ndikumuyamwitsa Yamikani pansi pa mtengo womwewo. Palibe amene anatembenuka, koma ndinamva ngati misana yawo yonse ikundiyang'ana. Ndinaima ndi kabeseni m'manja, osayenda.

"Mwana uyu ngwa yani?"

Tadala anali pamwamba, ndiye ankaona gulu lonse. Anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza. Sanalire, sanaitane. Anatseka milomo mwamphamvu monga tinamuphunzitsira. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, ndipo sindinalankhule. Ndiye mwana wanga anachotsa maso ake pa ine nkuyamba kuyang'ana nsapato zake.

Sindinganene kuti ndinaganiza kanthu. Ndinaona Mayi Matewere akudzuka pampando, akuwongola diresi, ndinaona Joji akukoka mpweya kuti afunse komaliza, ndipo miyendo yanga inali ikuyenda kale. Madzi ankakhavukira paepuloni. Chimene ndimakumbukira ndi chopusa. Ndinaganiza kuti kabeseni aka ndikaika pati, ndiye ndinaona kuti ndaponda kapinga, ndi nthaka imeneyi, ndinathira madziwo pansi pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira, pamaso pa anthu onse, nkuika kabeseniko pambali.

"Mwana uyu ngwa yani?"

"Ngwanga."

Mawu anatuluka ngati a nkhuku yodwala. Joji ndi chipewa chake chija sanamve. Anawerama nkuti, "Mwati bwanji?"

Ndinali wosavala nsapato, epuloni yonyowa, mawondo akuda ndi polishi, pakati pa anthu a masuti ndi azungu ndi ansembe. Aliyense wodziwa anadziwanso kuti ndakhala chete kawiri. Ndinafuna nthaka indimeze ngati madzi aja. Koma Tadala anali atadzutsa mutu.

"Ndati ngwanga. Ndinabereka ndine."

Bamboyo anayang'ana kwa Mayi Matewere, anayang'ana kwa ine, manja atatopa ndi kunyamula. Anangondipatsa mwanayo.

Kwa kanthawi palibe amene anadziwa chochita. Kenako gogo wina wa chigwirizano, kumbuyo, anaimba nthungululu. Kaya anachita dala kaya pakamwa panangozolowera, sindidziwa. Anzake analandira. Oimba ng'oma anamva nthungululu nkuyamba, chifukwa mwambo ndi umenewo, mayi akayankha ng'oma imalira. Ndipo mayi amavina.

Ndinavina. Tadala atandikanirira m'khosi mpaka kundibanika, ndinazungulira chinjoka chija. Alendo ankaomba m'manja ndi kujambula, ankaganiza kuti sewero ndi mmene limathera. Nditafika pafupi ndi Mayi Matewere anandimwetulira mano onse ali panja, nkunena chapansipansi kuti, "Uganize bwino, Esinati." Kenako anawerama kwa gogo uja kumufotokozera m'Chingerezi. Ndinamvapo liwu limodzi lokha, anti.

Ndinazunguliranso kachiwiri. Podutsa pamipando ya alendo ndinamutsitsa Tadala, ndinatambasula manja kwa Yamikani ngati ndi mbali ya gule, iye anadumphira kwa ine, gogoyo anamusiya akuseka. Ndinamuponya kumsana, ndinamanga chitenje ndikuvina, dzanja la Tadala lili m'dzanja langa. Azimayi ena anali atalowa m'bwalo, gulu linakula, fumbi. Ndinavina chobwerera m'mbuyo mpaka pangodya ya tchalitchi, ndipo nditangokhota ndinasiya kuvina.

M'kachipinda sindinalowemo. Mapoto, bulangeti, chithunzi cha malemu amayi anga, zonse zinatsala, ndi chikwama chija m'buti. Ndinaopa kuti ndikalowa andipeza momwemo nkuyamba kundilankhula mofatsa, ndipo ndinkadzidziwa, ndikanagwadanso.

Pakageti ka kuseri ndinapeza a Jailosi atakatsegula kale, akuyang'ana kumwamba ngati akuona mvula. M'manja anali ndi masilipasi anga.

"Simbi wazimitsa?" anafunsa.

"Ndazimitsa."

"Basi ntchito waimaliza. Kageti aka kamavuta kutseka, ndikhala ndikulimbana nako kanthawi."

Tinadutsa m'tinjira ta kuseri kwa mipanda, ine ndikucheuka galimoto iliyonse yoyera. Tadala nsapato zinkamuluma koma sanadandaule. Pamsewu waukulu tinakwera minibasi ya ku Limbe, ku Limbe tinakwera ya ku Bangwe. Inali yodzaza, anthu ochokera kumapemphero, wina ndi nkhuku. Tadala anapanikizika pakati pa ine ndi bambo wina. Kondakitala anasuzumira nkuti, "Ana awa nga ndani? Pampando sipakhala mwana, anyamulidwe."

"Ndi anga."

Ndinayankha asanamalize nkomwe, mokweza, mpaka anthu anatembenuka. Kondakitala anati, "Pepani mayi, sitikulandani." Anthu anaseka. Ndinamukweza Tadala pamiyendo, Yamikani pachifuwa.

Tikukwera chitunda cha ku Bangwe Tadala anaika pakamwa pakhutu langa.

"Tsopano ndizikutchulani chiyani?"

Ndinamukumbatira.

"Amama," ndinatero. "Kulikonse. Ngakhale pali ndani."

Anayesa kunditchula choncho pang'onopang'ono, ngati mawu achilendo, kuti aone ngati ndimukalipira.

Azakhali sanandifunse zambiri. Anasuntha mphasa, tinagona anayi m'chipinda chimodzi chija, ndipo mvula itabwera madzi analowadi pansi pa chitseko. Sindinakanene kulikonse. Ndinkaopa, komanso ndikanayamba bwanji nkhaniyo osatchula kuti chikwama ndinakachiika ndekha m'galimoto? Za gogo wa ku Mangalande uja sindidziwa ngati anadzamva zoona. Nthawi zina ndimamuganizira ali m'tchalitchi chake chopanda ana, ndi chithunzi cha mwana wanga m'foni.

Pano ndimachapa m'nyumba za ku Mpingwe. Mabwana amayamikira makolala, amafunsa kuti ndinaphunzira kuti kusita chonchi, ndimangoti kutchalitchi. Ntchito ya nyumba yogona komweko ndimakana, ngakhale kachipinda kakhale kokongola bwanji. Bwana akayamba kuwayang'anitsitsa ana anga ndi kuwayamikira, tsiku lotsatira ndimawasiya kumsika kwa azakhali. Onse awiri ndinawaphunzitsa dzina langa lonse, ndi mzere wa benchi ya azakhali mumsika, ndipo ndinawauza kuti munthu aliyense akadzati amayi anu anafa, adzakuwe.

Tadala ali kusukulu tsopano. Za tsiku lija sanazitchulepo, ndipo ine sindimufunsa, koma ndikudziwa kuti anawerenga nawo mafunso aja ali m'mwamba. Kusukulu, kuchipatala, pampopi, munthu akangoyamba kuti mwana uyu, ine ndayankha kale. Ena amandiseka kuti ndine wa phuma. Aziseka. Funso limenelo sindidikiranso kuti alifunse kachiwiri.